Akafula Adalipodi, Koma Sitidachokere kwa Iwo

M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zoyera eni ake timawadziwa. Ndi za ife Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Koma zofiira, za mizeremizere ndi zozungulira, akuluakulu ankati adajambula ndi Akafula, anthu aafupi amene makolo athu adawapeza kuno. Agogo anga aakazi ankasimba kuti ukakumana ndi Kafula ankafunsa kumene wayambira kumuonera. Ukati pafupi pompa, umalasidwa ndi muvi chifukwa wamuyesa mwana. Ukati wamuonera kutali, ankakulola kupita. Ndili mwana nkhaniyi ndinkaiika pamodzi ndi za Kalulu ndi Fisi, pakuti inkasimbidwa pamoto womwewo.

Mafupa ndiwo adatsimikizira kuti si nthano chabe. Mu 1950 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la paphiri la Hora ku Mzimba ndi kupeza mafupa a anthu. Ena adapezeka ku Fingira, kumapiri a Nyika, ndipo ena ku Chencherere, ku Dedza komwe. Kwa zaka zambiri mafupawo adangosungidwa, popeza DNA imaonongeka msanga m'dziko lotentha ngati lathu. Zinthu zidasintha akatswiri ataona kuti kafupa kolimba ka m'chigaza, kamene kamakuta khutu lam'kati, kamasunga DNA kuposa mafupa ena onse.

Njira imene amagwiritsa ntchito, yotchedwa admixture analysis, ndi yoyerekezera. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa lichero la nyemba zosakaniza, ndipo pambali pali timbale ta nyemba zodziwika: napilira, kholophethe, nanyati. Mukayang'ana timbaleto mutha kunena kuti mulicheromo napilira ndi wochuluka motani. DNA ya munthu mmodzi amaiyeza pa malo zikwi mazanamazana, n'kuiyerekeza ndi ya magulu ena, amoyo ndi akale, kenako kompyuta imawerengera gawo lofanana ndi gulu lililonse. Yankho limadalira magulu amene mwaika pambali. Mukaiwala gulu limodzi, kompyuta igawirabe DNA yonse kwa amene alipowo.

Mu 2017 Pontus Skoglund, David Reich wa ku Harvard, Jessica Thompson ndi anzawo adafalitsa zimene adapeza m'magazini ya sayansi yotchedwa Cell. Alenje a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, amene adakhala ndi moyo pakati pa zaka 8,100 ndi 2,500 zapitazo, adali ndi chibale chachikulu ndi Asan a kummwera kwa Afrika, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a DNA yawo. Gawo lotsalalo lidafanana ndi la alenje a kummawa, monga Ahadza a ku Tanzania. Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi kutalika kwa nyengoyo. Kwa zaka zoposa 5,000 anthu a mtundu umodzi adakhala m'mapiri athu, kuyambira ku Nyika mpaka ku Dedza, akusaka nyama ndi kukumba mizu. Ufumu wa Maravi, umene timaunyadira, sudafike ngakhale pa theka la nthawi imeneyo.

Patapita zaka zisanu, mu 2022, Mark Lipson ndi gulu lake adalemba mu Nature za makanda awiri a ku Hora amene adaikidwa m'manda zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo. Apa adaona kuti magwero awiri sakukwanira kufotokoza zonse. Padafunika achitatu, ochokera kwa alenje a m'nkhalango za pakati pa Afrika, abale a Ambuti a ku Congo. Ena angati akatswiri akudzitsutsa. Ine ndikuona kuti ndi mmene njirayi imayendera, pakuti mafupa atsopano akapezeka kawerengedwe kamasintha. Zidaonekanso kuti magulu atatuwa adasakanikirana kalekale, mwina zaka 50,000 zapitazo, nthawi imene mikanda ya zikamba za mazira a nthiwatiwa idayamba kufala, ndipo pambuyo pake anthu adayamba kukwatirana ndi oyandikana nawo okhaokha.

Tsono nayi nkhani yowawa. Skoglund ndi anzake atayeza DNA ya Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a masiku ano, sadapezemo chizindikiro chooneka cha alenje aja. Pafupifupi yonse idaloza kwa alimi olankhula zinenero za Chibantu, amene makolo awo adachokera kumalire a Cameroon ndi Nigeria. Alimi oyamba adafika kuno ndi chitsulo, mapira ndi mbiya za mtundu wa Nkope cha m'zaka za m'ma 200 kapena 300 Yesu atabadwa. Kwina sizidatero. Azulu ndi Axhosa ali ndi gawo looneka la DNA ya Akhoisan, gulu limene muli Asan aja, ndipo ngakhale zinenero zawo zidatengera kaphokoso ka lilime ka anthuwo. Kuno Akafula adazimirira osasiya zidzukulu zoti tingaziloze.

Kodi adaphedwa? DNA siyankha funso limenelo, ndipo ndimakana anthu akamaikakamiza kuyankha. Mbiri yapakamwa imatchula nkhondo, koma zofukulidwa ku Chencherere zimaonetsa kuti alenje ndi alimi adakhala moyandikana kwa zaka mazana ambiri, mbiya za alimi zikufika m'mapanga a alenje. Alimi amabereka ana ambiri, amadula nkhalango, ndipo nyama zimathawa. Kagulu kakang'ono kangathe kutha pang'onopang'ono popanda nkhondo yaikulu. Tiyeneranso kukumbukira kuti mafupa oyezedwawo ndi a anthu owerengeka, ndipo Amalawi amoyo amene adayezedwa sali ochokera m'mudzi uliwonse.

Masiku ano abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London amatumiza malovu ku makampani, n'kulandira pepala lonena kuti gawo lakuti ndi la ku Cameroon, lakuti la ku Congo. Pepalalo silinama, koma silinenanso kuti agogo awo adabadwira ku Yaoundé. Likungosonyeza anthu amene kampaniyo idali nawo oyerekezera. Silingauze munthu ngati ndi wa kwa Banda kapena kwa Phiri, chifukwa mfunda umayenda ndi mwambo, ndiponso mitundu yathu ya m'Malawi ndi yofanana kwambiri m'magazi.

Akafula alibe mdzukulu woti awalirire kapena kulondera manda awo, choncho udindowo wagwera ife amene tidalowa m'malo awo. Mukapita ku Chongoni mupeza miyala ina yolembedwa maina a anyamata ndi makala pamwamba pa zojambula zofiira, ina itada ndi utsi wa moto wa osaka mbewa. Aphunzitsi a m'madera amenewa, tengani ana mupite nawo ku mapangako, muwauze amene adajambula. Ndipo inu amene mungapeze mafupa kapena mikanda m'phanga, musafukule nokha. Kadziwitseni a mfumu ndi a nthambi ya boma yosunga zakale.