Ndege zinkatera panyanja pathu

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani, ndimakonda kufunsa m'kalasi: kodi mpikisano wa injini za jeti pa nkhondo yachiwiri unatikhudza bwanji kuno ku Mangochi? Japan inaulutsa ndege yake ya jeti, Kikka, ya injini za Ne-20, pa 7 Ogasiti 1945, nkhondo ili pafupi kutha. Britain inali kale patsogolo. Mu 1949 ndege za BOAC zotera pamadzi zinayamba kuima ku Cape Maclear popita ku South Africa. Pofika kumapeto kwa 1950 zinaleka, chifukwa nkhondo inasiya mabwalo ambiri a ndege kumtunda. Mu 1952 jeti ya Britain, Comet, inayamba kuuluka pakati pa London ndi Johannesburg, n'kumaima ku Livingstone. Nyanja yathu inalambalalidwa. Luso latsopano likabwera, ena limawakweza, ena limawasiya m'mbali. Ana athu azidziwe zimenezi.