Mitsinje Itanunkha ku Malaysia

Mtengo umene umabala mafuta ofiira aja, amene anzathu a ku Karonga amati mawese, kwawo ndi kuzambwe kwa Africa. Kumeneko makolo sankataya kanthu: masamba ankapangira matsache, zotsalira pofinya zipatso ankakolezera moto, ndipo phulusa la mikoko ankaphikira sopo.

Mu 1848 mbande zinayi za mtengowu zinabzalidwa ku Bogor, pachilumba cha Java, ndipo mu 1917 Mfalansa wina, Henri Fauconnier, anatsegula esiteti yoyamba ya malonda ku Tennamaram, m'dziko limene lero ndi Malaysia. Ine ndimati azunguwa anatenga mtengo wokha, nzeru za eni ake n'kuzisiya. Pajatu safunsa anadya phula.

Taonani, awerengi: pa makilogalamu 100 a mikoko ya zipatso, mafuta amatuluka pafupifupi 20 basi. Nanga zinazo? Mikoko yoyoyola ankaitentha, madzi akuda otsala pofinya n'kumangowakhuthulira mumtsinje. Pofika m'ma 1970, mafakitale amenewa ndiwo ankaipitsa mitsinje ya dzikolo koposa ena onse. Nsomba zinkafa, asodzi manja ali m'khosi.

Boma linakhazikitsa malamulo mu 1977, ndipo kuyambira mu 1978 fakitale inkalipira molingana ndi uve umene yataya. Muyeso wa uve wololedwa pa lita imodzi unatsika kuchoka pa mamiligalamu 5,000 mu 1978 kufika pa 100 mu 1984. Eni mafakitale anayamba kukumba maiwe oti madziwo aziwoleramo asanafike kumtsinje. Koma maiwewo amatulutsa mpweya wa methane, umene umawonjezera kutentha kwa dziko, choncho kuyambira mu 2014 fakitale yatsopano iliyonse imayenera kuukola. Ena amapangira magetsi.

Lero mikoko ija amaiyala m'munda kuti isanduke manyowa. Makoko a njere amasonkhezera moto wa fakitale, ena amagulitsidwa ku Japan. Zotsalira pofinya njere zimadyetsa ng'ombe mpaka ku New Zealand.

Sindikunena kuti zonse zili bwino ayi, poti nkhalango zambiri zinagwa kuti minda imeneyi ikule. Chimene ndikutolapo n'chakuti mwini fakitale samva kulira kwa msodzi, amamva thumba lake likabooka. Ife amene timatseka mphuno powoloka Mudi mu Blantyre muno, nkhaniyi tiisunge.