Mafunso ndi Mayankho: N'chiyani chimadula mawu m'mahedifoni a Bluetooth?

FUNSO: A Mkonzi, kwathu ndi ku Tamanda koma ndikuphunzira za makompyuta m'tauni ya Chipata. Aphunzitsi anatiuza kuti tiike Linux m'kati mwa Windows pogwiritsa ntchito VirtualBox. Ndikangoyatsa VirtualBox, mahedifoni anga a Bluetooth amayamba kudula mawu, mwina kuzimiratu. Ndikatseka, amamveka bwinobwino. Kodi anandigulitsa abodza? Nanga Bluetooth yomweyi inachokera kuti?

YANKHO: Musathamangire kukawabweza kumsika, achimwene. Mahedifoni amene amaimba bwino VirtualBox ikatsekedwa alibe mlandu. Mlandu uli m'laputopu mwanumo.

Koma tiyambe ndi funso lanu lomaliza. Bluetooth inabadwira ku Lund, m'dziko la Sweden, pakampani ya Ericsson. Mu 1994 katswiri wa ku Netherlands, Jaap Haartsen, anayamba kukonza njira yolumikizira foni ndi zipangizo zake popanda waya. Mu 1998 makampani asanu, Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba, anagwirizana kuti njirayo ikhale imodzi kwa onse. Dzinali anabwera nalo ndi Jim Kardach wa ku Intel, potengera Harald Bluetooth, mfumu imene inagwirizanitsa anthu a ku Denmark m'zaka za m'ma 900. Ankati n'longogwirizira podikira dzina lenileni, koma linakanirira mpaka lero.

Akatswiriwo anasankha mafunde a wailesi a 2.4 GHz chifukwa munthu safunika laisensi kuti awagwiritse ntchito. Zaulere sizisowa khamu: Wi-Fi, hotspot ya foni, MiFi ndi uvuni wa microwave, zonsezi zili momwemo. Kuti ipulumuke paphokosolo, Bluetooth imadumphadumpha pa timatchanelo 79, ndipo imasintha ka 1,600 pa sekondi imodzi. Nzeru yodumphayi ndi yakale kuposa Bluetooth. Mu 1942 Hedy Lamarr, mayi wosewera m'mafilimu, ndi mnzake George Antheil analembetsa kale njira yofanana nayo, iwo akuganiza zowongolera mabomba a m'madzi.

Nayo nkhani yoika kompyuta m'kati mwa kompyuta inzake si ya dzulo. IBM inayamba kuyesa zimenezi m'ma 1960, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370. VirtualBox yanuyo inapangidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa innotek, ndipo kuyambira 2010 mwini wake ndi Oracle. Apa Windows ndiye mwini nyumba, Linux ndi mlendo. Awiriwa akudyera mbale imodzi: purosesa, RAM, Wi-Fi ndi Bluetooth ndi zomwezo, sizinawonjezeke.

Choyamba kuyang'ana n'chakuti mlendo sanalande Bluetooth. Ambiri sadziwa kuti m'malaputopu ochuluka kachipangizo ka Bluetooth kamalumikizidwa m'kati ngati USB, ngakhale simukaona. Tsegulani Settings ya Linux yanu mu VirtualBox, pitani pa USB. Mukapeza pamndandanda dzina lokhala ndi mawu akuti Bluetooth kapena Wireless, lichotseni. Likakhalapo, Linux ikangodzuka imakatenga, Windows n'kutsala manja lende, mahedifoni zii. Ine ndimalangiza kuti mahedifoni azilumikizidwa ku Windows yokha. Linux izingopereka mawu ake kudzera pa Audio ya VirtualBox, Windows n'kuwafikitsa m'makutu mwanu.

Ngati mawu sazimiratu koma amangodukaduka, kayikirani purosesa. Mawu sapita kumahedifoni ngati mtanda umodzi. Amadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo kalikonse kayenera kufika pa nthawi yake. Kakachedwa, khutu limamva mpata. Tsono malaputopu ambiri amene ophunzira amagula ndi ogwirapo kale ntchito, a RAM ya 4 GB. Munthu n'kupatsa Linux 3 GB ndi ma core onse, kenako n'kudabwa kuti Windows ikupuma mwawefuwefu. Musapitirire theka. Ndipo muone ngati vutolo silikula magetsi akathima. Laputopu ikayamba kudya batire imachepetsa dala liwiro la purosesa, ndipo Windows imatha kugoneka Bluetooth kuti isunge moto. Mu Device Manager, pa Bluetooth, pali tsamba la Power Management; chotsani kachongi kolola kompyuta kuzimitsa chipangizocho.

Palinso nkhani ya intaneti. Kumudzi ngati ku Tamanda ambiri amadalira hotspot ya foni, ndipo Linux yatsopano imakonda kukopera ma update ikangoyaka. M'laputopu, Wi-Fi ndi Bluetooth kawirikawiri zimakhala pa kakhadi kamodzi ndipo zimabwerekana eriyo. Wi-Fi ikatanganidwa pa 2.4 GHz, Bluetooth imasowa mpata. Foni yanu ikalola, sinthani hotspot ikhale pa 5 GHz. Apo ayi, lumikizani foni ndi laputopu pa kebulo n'kuyatsa USB tethering. Bandulo imadyeka chimodzimodzi, koma mumlengalenga mumatsala bata, foni nayo n'kumatchaja.

Amene amasunga Linux pa hard disk yakunja achenjere ndi mabowo a USB 3.0, aja a buluu m'kati. Mu 2012 Intel inafotokoza kuti USB 3.0 imatulutsa phokoso la wailesi lofika pa 2.4 GHz. Ngati Bluetooth yanu ndi kachipangizo kakunja kolowetsa pa USB ndipo kali pabowo loyandikana ndi disikiyo, kasamutsireni mbali ina ya laputopu.

Chotsala ndi maikolofoni. Mahedifoni a Bluetooth ali ndi njira ziwiri: A2DP ya nyimbo, ndi Hands-Free yoimbira foni. Pulogalamu iliyonse ikatsegula maikolofoni, amasiya yoyambayo n'kulowa yachiwiri. Mawu amaduka kaye pang'ono, kenako amabwera opyapyala. Ngati mu Linux simulankhula ndi munthu, chotsani kachongi pa Enable Audio Input.

Musasinthe zonsezi tsiku limodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chachiza. Yambani ndi USB, yesani, kenako pitani pa china. Koma tsiku la mayeso a pa intaneti kapena kuyankha mafunso a ntchito, tengani maiyefoni a waya muike m'thumba. Mukayesa, mutilembere kuti chathandiza n'chiti, anzanu a m'kalasi apindule nawo.