Chithunzi cha Mkazi Wachikuda: Kuyambira pa Sarah Baartman Kufika pa Joana Choumali

Kwa zaka zochuluka, chithunzi cha mkazi wachikuda chinkajambulidwa ndi anthu ena, mwini wake ali duu, osafunsidwa kanthu. Ojambulawo ankasamala za thupi lake lokha, koma za mumtima mwake sankazilabadira. Mbiri ya momwe mkaziyu adayambira kudzijambula yekha, ndi kuonetsa poyera mabala a m'maganizo mwake, ndi yofunika kuti aliyense aidziwe.

Nkhaniyi tingaiyambire pa Sarah Baartman, mkazi wa mtundu wa Khoikhoi wa ku South Africa. M'chaka cha 1810 adatengedwa kupita ku London kumene anthu ankalipira ndalama kuti aone maumbidwe a thupi lake, monga momwe ankaonera nyama zakutchire. Akatswiri ojambula adamujambula monyoza, namukulitsa ziwalo kuti anthu aziseka. Sarah adamwalira ku Paris m'chaka cha 1815, kutali ndi abale ake. Ngakhale imfa siidamupumitse, pakuti katswiri wa sayansi Georges Cuvier adatumbula mtembo wake, ndipo mafupa ake adaonetsedwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Musée de l'Homme kufikira zaka za m'ma 1970. Pulezidenti Nelson Mandela atapempha dziko la France, mafupawo adabwezedwa kwawo, ndipo adaikidwa m'manda ku Hankey pa 9 Ogasiti 2002.

Kodi zithunzi zonyoza zoterezi zimachita chiyani m'maganizo mwa munthu wonyozedwayo? Yankho lidachokera ku America m'zaka za m'ma 1940. Mamie Phipps Clark, mayi wachikuda wodziwa za maganizo a anthu, pamodzi ndi mwamuna wake Kenneth, ankaonetsa ana achikuda zidole zoyera ndi zakuda. Ana ambiri adasankha chidole choyera, nanena kuti ndicho chabwino. Apa zidaonekeratu kuti mwana wokulira pakati pa tsankho amayamba kudziderera yekha. Bwalo lalikulu la milandu m'dzikolo lidatchula ntchito ya banjali m'chaka cha 1954, pamene lidathetsa tsankho m'sukulu za boma.

Zinthu zidasintha kwambiri atabwera makamera osafuna filimu, makompyuta ndi mafoni a m'manja okhala ndi kamera. Kujambula kudaleka kukhala kwa anthu olemera okhaokha, ndipo mkazi wachikuda adatha kusankha yekha momwe akufuna kuonekera. Mmodzi mwa amayi amene adagwiritsa bwino ntchito mwayi umenewu ndi Joana Choumali, yemwe adabadwira mumzinda wa Abidjan, ku Côte d'Ivoire, m'chaka cha 1974. Poyamba iye adajambula zidole zoonetsera zovala zimene amisiri a mumzindawo amaumba ndi thupi lodzaza. Thupi lomwe azungu ankaliseka pa Sarah, anthu a kwawo kwa Joana amalitama kuti ndilo kukongola.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Pa 13 Marichi 2016, zigawenga zidaombera anthu amene ankasangalala m'mphepete mwa nyanja m'tauni ya Grand-Bassam, kufupi ndi Abidjan, ndipo zidapha anthu 19. Patapita masabata atatu, Joana adapita m'tauniyo, naipeza itazizira ndi chisoni. Chimene chidamukhudza kwambiri nchakuti anthu sankakamba za mantha ndi nkhawa zawo. Kumeneko, monganso m'madera ambiri a mu Africa, kuulula kuti maganizo akukuvuta kumaoneka ngati kufooka kapena misala. Munthu akafunsidwa ankangoti zinthu zikhala bwino, nkhani nkuthera pomwepo. Mawu omwewa, m'Chifalansa, ndiwo adakhala dzina la ntchito yake: Ça va aller.

Joana sadanyamule kamera yaikulu, kuopa kudzidzimutsa anthu olira. Adajambula ndi foni ya iPhone anthu oyenda okhaokha, ena atakhala chete m'misewu. Kenaka adasindikiza zithunzizo pansalu, nayamba kuzipeta ndi singano ndi ulusi wamitundumitundu. Ntchitoyi inkafuna kudekha ndi nthawi yaitali, ndipo kupetako kudasanduka mankhwala a mtima wake womwe. Chimene pakamwa padalephera kunena, ulusi udachinena. Motero luso lamakono la foni lidakumana ndi luso lakale la manja a amayi. M'chaka cha 2019 zithunzizi zidamupezetsa mphotho ya Prix Pictet, ndipo iye adakhala munthu woyamba wa mu Africa kuilandira.

Pakati pa imfa ya Sarah ndi mphotho ya Joana padapita zaka 204. Woyambayo adaonetsedwa kwa anthu popanda womufunsa za chisoni chake. Wachiwiriyu adagwira yekha kamera, naonetsa chisoni cha anthu a kwawo mwaulemu. Phunziro lake nlakuti kuvutika maganizo si chinthu chochititsa manyazi, ndipo bala lobisa silipola. Mtsikana amene ali ndi foni m'manja ali ndi chida chimene Sarah sadachilote nkomwe. Chatsala nchakuti asankhe: kudzijambula mofuna kufanana ndi ena, kapena kudzionetsa monga momwe alili.