Kugula Katundu wa Boma pa Intaneti: Mmene Ndondomeko ya e-GP Imagwirira Nchito

Boma ndilo limagula katundu wambiri kuposa wina aliyense m'dziko la Zambia. Limagula mankhwala a m'zipatala, madesiki a m'masukulu, feteleza ndi simenti, ndiponso limalemba makontilakita omanga misewu ndi milatho. Ndalama zake zimacokera ku misonkho ndi ngongole zimene mbadwa zonse zimabweza. Ndondomeko ya Electronic Government Procurement, imene mwacidule imachedwa e-GP, ndi njira yoyendetsera kugula kumeneku pa intaneti m'malo mwa mapepala. Imayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Public Procurement Authority, ZPPA.

Kumene inacokera

Kuyambira mu 1982, kugula kwa boma kunali m'manja mwa bungwe la Zambia National Tender Board. Lamulo la Public Procurement Act la mu 2008 linasandutsa bungweli kukhala ZPPA, ndipo nchito yogula inaperekedwa kwa maunduna, makhonsolo ndi makampani a boma eni ake. Pa nthawiyo, tenda inali kulengezedwa m'nyuzipepala. Wofuna kupikisana anali kupita ku ofesi kukagula mapepala, kuwalemba, kuwamata mu envulopu ndi kukawaponya m'bokosi tsiku lotsekera lisanakwane.

Njirayi inali kukondera amalonda a ku Lusaka ndi m'mizinda ina ikuluikulu. Inalinso kusiya mpata wa ziphuphu, popeza pepala lingasowe kapena kusinthidwa popanda wodziwa.

Bungwe la ZPPA linayamba kuyesa e-GP mu 2016 m'mabungwe ocepa, mothandizidwa ndi World Bank. Maiko ena anali atayamba kale. South Korea inatsegula ndondomeko yake ya KONEPS mu 2002, pamene Ukraine ndi Rwanda anakhazikitsa zao mu 2016. Kuno kwathu, mkangano umene unabuka mu 2017 pa galimoto 42 zozimira moto, zimene zinagulidwa pa mtengo wa madola 42 miliyoni, unakulitsa mau a anthu ofuna kuti mitengo izidziwika poyera. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la Public Procurement Act, limene likulamula mabungwe a boma kugula kudzera pa makina a intaneti.

Mmene imagwirira nchito

Bungwe lililonse la boma limaika pa e-GP mndandanda wa zimene likufuna kugula m'caka. Nthawi ikakwana, limalengeza tenda pamodzi ndi mfundo zake ndi tsiku lotsekera. Wamalonda amatenga mapepala pa kompyuta, amafunsa mafunso pomwepo, ndipo amatumiza mtengo wake osacoka pamene ali.

Mtengo wotumizidwa umakhala wokhomedwa mwacinsinsi, kotero kuti palibe angauone nthawi yotsegula isanakwane. Nthawi yotsekera ikadutsa, makina salandiranso kanthu. Ciliconse cocitika cimasiya cizindikiro ca amene wacita ndi ola limene wacitira, ndipo zimenezi zimathandiza ofesi ya Auditor General ndi bungwe la Anti-Corruption Commission pofufuza. Dzina la wopambana ndi mtengo wake zimalengezedwa, ndipo amene sanakhutire ali ndi ufulu wodandaula motsatira lamulo. ZPPA imafalitsanso mitengo ya pamsika ya katundu wogulidwa kawirikawiri, ndipo ili ndi mphamvu yoimitsa wamalonda wopezeka ndi cinyengo.

Zofunika kwa wamalonda

Munthu sangapikisane asanalembetse pa tsamba la e-GP. Bizinesi yake iyenera kukhala yolembetsedwa ku PACRA. Ayenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN ndi kalata ya ku ZRA yosonyeza kuti alibe mlandu wa msonkho. Kawirikawiri amafunsidwanso umboni wakuti amalipirira anchito ake ku NAPSA ndi ku Workers' Compensation Fund Control Board. Womanga nyumba kapena misewu amafunika satifiketi ya National Council for Construction. Adilesi ya imelo imene amaiona tsiku ndi tsiku ndi yofunikanso, cifukwa mauthenga a tenda amafikira kumeneko.

Tanthauzo lake ku Kasenengwa

Boma la Kasenengwa linapatulidwa ku Chipata mu 2018, pamodzi ndi la Chipangali, ndipo lili ndi khonsolo yakeyake imene imagula motsatira lamulo lomweli. Nkhaniyi inakula pamene thumba la Constituency Development Fund, CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Linafika pa K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku zitukuko monga makalasi, nyumba zocilira azimai, zitsime ndi madesiki, ndipo zonsezi zimafuna wogulitsa kapena womanga.

Malangizo a CDF amalimbikitsa kuti nchito zotere zizipatsidwa kwa anthu a m'dera lomwelo. Koma kalipentala wa m'dera la Inkosi Madzimawe, ngakhale akhale waluso cotani pokhoma madesiki, sangaoneke pa e-GP ngati alibe mapepala. Nchito ikatero imagwera kampani yakutali, ndipo ndalama zimacoka m'bomalo.

Zovuta zimene zilipo

Coyamba ndi netiweki ndi magetsi. M'midzi yambiri intaneti ndi yofooka, ndipo mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Wotumiza mtengo pa ola lomaliza angatsekeredwe kunja, motero ndi bwino kutumiza kudakali masiku. Caciwiri ndi luso. Tsambali lili m'Cingelezi, ndipo ambiri amadalira ena kuwalembera. Amene wapereka mau ake acinsinsi olowera kwa munthu wina wapereka mphamvu yopikisana m'dzina la bizinesi yake.

Cacitatu n'cakuti makina saona zonse. Amalonda angapangane mitengo asanalowe pa intaneti, ndipo kompyuta siingadziwe ngati khoma la kalasi lamangidwa ndi simenti yokwanira. Apa ndi pamene makomiti a citukuko a m'mawadi, mafumu, atolankhani ndi makolo ayenera kuyerekeza zimene zinalembedwa pa e-GP ndi zimene zamangidwa pamalo. Aliyense woona kusiyana angakanene ku khonsolo, ku ZPPA kapena ku Anti-Corruption Commission.