Mikuyu ilibe wojambula wake

Ambiri a ife chigwa cha Domasi timachidziwa ndi maphunziro: mishoni imene Asikotishi anatsegula mu 1884, ndi Malawi Institute of Education kumene amakonza zimene ana athu amaphunzira m'sukulu. Ukatsika basi pa Domasi maso amathamangira kumtunda, ku mapiri a Zomba ndi Malosa. Koma lero, awerengi anzanga, ndati tiyang'ane kumunsi, mbali ya ku nyanja ya Chilwa, kumene kuli ndende ya Mikuyu.

Wandikumbutsa Mikuyu ndi munthu wa kutali, ku Cambodia, a Vann Nath, mmisiri wojambula ndi penti. Mu 1978 boma la Pol Pot linawaponya m'ndende ya Tuol Sleng mumzinda wa Phnom Penh, yomwe poyamba inali sukulu. Munalowa anthu oposa 12,000 ndipo otuluka amoyo anali owerengeka. Iwo anapulumuka chifukwa akuluakulu a ndendeyo ankafuna munthu woti azijambula nkhope ya Pol Pot. Bomalo litagwa mu 1979, a Vann Nath anabwerera m'nyumba yomweyo n'kuyamba kujambula zimene anaona ndi kumva: anthu atagona mondandana miyendo ili m'zitsulo, ena akumizidwa m'madzi, mayi akulandidwa khanda. Mu 2009 anakachitira umboni kukhoti pa mlandu wa Duch, mkulu wa ndendeyo. Anamwalira mu 2011, koma zithunzi zawo zikadali pa makoma a Tuol Sleng, yomwe tsopano ndi nyumba yosungiramo mbiri.

Sindikunena kuti Mikuyu inali Tuol Sleng, ayi. Nkhanza za ku Cambodia zinali za msinkhu wina. Koma nafenso tinali ndi malo amene munthu ankalowa osazengedwa mlandu, osauzidwa tsiku lotuluka. Mu 1975 a Sam Mpasu anagwidwa chifukwa cha kabuku kawo, Nobody's Friend, poti ena anaganiza kuti wopanda bwenziyo ndi Ngwazi. Anakhala m'ndende zaka ziwiri, dzina lawo litasanduka nambala, 3/75. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anatola a Jack Mapanje ku Gymkhana Club ku Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College. Anatuluka ku Mikuyu mu Meyi 1991. Popeza cholembera ndi pepala zinali zoletsedwa, ndakatulo ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu. Momwemonso ndi mmene anachitira a Pramoedya Ananta Toer a ku Indonesia pa chilumba cha Buru, kumene anatsekeredwa kuyambira 1969 mpaka 1979: nkhani ya buku lawo Bumi Manusia anayamba kuifotokoza pakamwa kwa akaidi anzawo asanaloledwe kulemba.

Tsono umboni tili nawo. A Mapanje anatulutsa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison mu 1993, a Mpasu Political Prisoner 3/75 mu 1995. Vuto n'lakuti mabukuwa ali m'Chingerezi, ndipo ambiri a ife sitinawagwirepo n'komwe. Mayi wogulitsa mpunga pa Songani, amene mwina m'bale wake anagona ku Mikuyu, angawawerenge bwanji? Chithunzi sichifuna Chingerezi. Mwana wa ku Cambodia amene sanabadwe nthawi ya Pol Pot amangolowa m'chipinda, kuyang'ana pakhoma, basi wamva.

Nanga nyumba yake tinaitani? Mu 1994 a Bakili Muluzi atangotenga boma analamula kuti ndende za Mikuyu, Dzaleka ndi Nsanje zitsekedwe. Dzaleka inasanduka kampu ya anthu othawa kwawo. Za Mikuyu tinamva zoti ikhala malo okumbukirako zimene zinachitika, koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: patapita nthawi munalowanso akaidi. Wachinyamata wa lero akamva dzina la Mikuyu amangoganiza za akuba nkhuku.

Ichi n'chimene chikundisowetsa mtendere. A Mpasu anatisiya mu 2018. Amene anagona m'zipinda zimenezo akutha mmodzimmodzi, pamodzi ndi asilikali a ndende amene ankawalondera, ena mwa iwo anthu achifundo amene ankazembetsa timakalata. Iwowa ndi amene akudziwa kutalika kwa khoma, pamene pankakhala chidebe chodzithandiziramo, ndi mmene anthu ankagonera pansi.

Ku Zomba konkuno, ku Yunivesite ya Malawi, achinyamata amaphunzira kujambula ndi kusema. Kuchoka kumeneko kufika ku Mikuyu si ulendo wogona panjira. Pempho langa n'lakuti ena mwa iwo atenge pepala ndi makala, akakhale pakhonde ndi madala amenewa, azifunsa ndi kujambula, mdalayo azikonza pamene alakwitsa. Zithunzizo zikapachikidwe poti aliyense azione osalipira, ndipo zina zidzalowe m'mabuku a mbiri amene ana athu amanyamula popita kusukulu.