Msika ndi Sitolo Ndi Akazi a Pamitala

Tula dengulo ukhale pansi, mkazi mnzanga. Nkhope yako yandiuza kale kuti mandasi abwerera. Ukuti anthu onse akhamukira ku lesitilanti yatsopano ija ya mipando ya pulasitiki ndi kanema wa mpira, ndipo golosale ya malata owala yalanda amayi ako ogula mchere ndi sopo. Ukuti msika wa pa Simlemba watha. Mawu amenewo ndinawamvapo katatu iwe usanabadwe, ndipo kamodzi anatuluka m'kamwa mwanga momwemu. Sendera kuno, tizitongola chimangachi ndikukuuza.

Ine ndikukula, dziko lino likadali Nyasaland, msika unali mthunzi wa mitengo pamphambano basi. Kunalibe benchi, kunalibe shedi. Munthu ankayala mphasa n'kuikapo zake. Amayi anga ankasenza miphika youmba okha ndi chidulo, pobwera ali ndi mawere kapena nkhuku. Mbale ya nyemba inkagula mbale ya ufa, osatulutsa ndalama. Osula ankabwera ndi makasu ndi nkhwangwa, anthu a ku Nkhotakota ankakwera mitunda ndi usipa wouma. Poti kuno tayandikana ndi Mzimba, wina ankafunsa kuti "zingati", mnzake kuti "zilinga", koma onse n'kumvana. Ndalama zinali kobiri loboola pakati, tiki, sikisi ndi sheleni. Tinkazimanga pamfundo ya nsalu, kusungira msonkho wa abambo.

Kenaka m'madera athu ano munafalikira masitolo a amwenye. Ukalowamo, fungo la nsalu yatsopano ndi palafini linkakulandira pakhomo. Munali biliwita, mabulangete, mikanda, mapoto achitsulo ndi mchere woyera wa m'thumba. Pakhonde pankakhala telala ndi makina ake a Singer: ugule nsalu m'kati, akuyeze panja, madzulo uzipita ndi diresi. Ukagula zambiri, mmwenye ankakuponyera basela, kaya singano, kaya mchere wodzaza dzanja. Amayi anga ataona kuti akazi anzawo akufuna poto wosasweka, ndipo chidulo chatsalira therere lokha, anabwera kunyumba n'kunena kuti, "Msika watha." Kumeneko kunali kuyamba.

Koma anthu opita kusitolo ankachokera kutali, ena atadzuka tambala woyamba, ndipo ankafika kukhosi kuli gwa. Mmwenye sankagulitsa thobwa. Amayi anasiya dothi, natenga mtsuko wa thobwa ndi mbatata yophika, nakakhala pafupi ndi khonde lija. Zimene anataya pa miphika anazipeza pa chipanda. Sindikunamize kuti onse zinawayendera. Panali agogo ena odziwa kuumba kuposa amayi, amene analibe mphamvu zoyamba china. Luso lawo linapita nawo kumanda, ndipo lero mtsuko wabwino umausowa.

Mu 1970 Kamuzu, mwana wa kuno ku Kasungu, analamula kuti amwenye achoke m'midzi, malonda a kumudzi akhale a Amalawi. Pofika 1978 anali atasonkhana m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Tinaomba m'manja. Masitolo anagulidwa ndi anthu athu, ena mwa iwo obwera ndi ndalama za kumigodi ya ku Joni, ulendo wa Wenela usanaimitsidwe mu 1974. Kunabwera Chipiku yoti eni magolosale azikapikulako, ndipo mu 1973 kunayamba PTC m'matauni. Ena anachita bwino ndithu. Koma ambiri chibale chinawadyera sitolo. Malume atenga shuga pangongole, mlamu watenga nsalu, mfumu yadutsa siingabwerere chimanjamanja. Mmwenye analibe mbale wake kuno, pamene munthu wathu mudzi wonse unali abale ake. Pakutha pa zaka ziwiri mashelefu ena anatsala ndi machesi okhaokha. Telala anamanga makina ake panjinga n'kusamuka. Ndiye ukudziwa chinachitikira ife a panja? Anthu analeka kubwera, thobwa linasasa mumtsuko. Walira mvula walira matope. Apo m'pamene ndinayamba kuona kuti sitolo imene tinkaiyesa mdani ndi imene inkatiitanira anthu.

Chimene chinadzutsa msika ndi fodya. Mu 1971, chaka chimene tinasiya mapaundi n'kuyamba kwacha ndi tambala, kunabwera ADMARC m'malo mwa Farmers Marketing Board. Zaka zomwezo thengo la Kasungu linagwetsedwa, kutsegula maesiteti a Press, a General Farming ndi a anthu ena olemera. Matenanti ankabwera pamalole kuchokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi akazi ndi ana awo. Lamulo silinkalola mlimi wamba kulima bale kapena fodya wowotcha m'mabani; ameneyo anali wa maesiteti. Ife tinkalima wachikopa, chimanga ndi mtedza wa chalimbana, n'kukagulitsa pa sikelo ya ADMARC. Dzinja likatha, pamzere wa sikelo pankakhala anthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo munthu wa pamzere amamva njala. Ine pamenepo ndinali nditakwatiwa ndi agogo ako aamuna. Ndinkaphika nsima ya nkhuku pamafuwa pansi pa mtengo, pambali lichero la zitumbuwa. Khadi la chipani ndinkalisunga pachifuwa, chifukwa wopanda khadi anyamata a chipani ankamubweza asanayale n'komwe malonda ake. Chikhalirecho ndalama inkayenda. Bambo akalandira zake ankagula wailesi ya Nzeru, n'kumayenda nayo paphewa msika wonse kuti timuone.

Tsono munthu wina anamanga tiyirumu ya zidina, n'kuikamo tebulo, mabenchi ndi makapu aakulu ngati ndowa. Tiyi wamkaka ndi sikono, masana mpunga. Amuna amene dzulo ankanjuta pansi pa mtengo wanga, kudya uku akuthamangitsa agalu, anayamba kundidutsa ngati sakundidziwa. Mwamuna wa ndalama m'thumba amafuna anthu amuone atakhala patebulo, akuitanitsa. Tsiku lina ndinabwera ndi nkhuku yonse mumphika, ndinakhala pamene wakhala iwepo, n'kunena kuti, "Msika watha." Kumeneko kunali kachiwiri.

Agogo ako sanali munthu wolankhulalankhula. Anangondifunsa kuti, "Kodi mwini tiyirumuyo ali ndi khola la nkhuku? Nanga ufa amasinja yekha?" M'mawa mwake ndinapita kukagwada pakhomo pake. Kuyambira pamenepo ufa woyera, mazira ndi nkhuku za mu tiyirumu muja zinkachokera kwa ine. Phindu linali lochepa kusiyana ndi kale, koma linali la tsiku ndi tsiku. Zitumbuwa sindinasiye. Matenanti, amene ankalipidwa kamodzi pachaka fodya akagulitsidwa, sakanalowa mu tiyirumu. Ankadya kwa ine pangongole, ine n'kumasunga m'mutu, popeza ndinkadziwa aliyense ndi esiteti yake. Mvula ikagwa, ndalama zikatha m'matumba, tiyirumu inkatsekedwa mpaka Epulo, ine ndili pompo. Chimene chinatayika n'china. Kale amuna ndi akazi tinkamvera nkhani pamthunzi umodzi, ya maliro, ya mlandu, ya mtengo wa mbewu. Tiyirumu itabwera, amuna anakalowa nazo nkhani m'nyumba, ife n'kumazimva zitazizira.

Cha mu 1990 boma linalola alimi wamba kulima bale. Tinapanga makalabu, mabelo athu n'kumapita ku okushoni ku Kanengo. Mu 1994 kunabwera matipate, ndipo malonda anamasuka. Magolosale ndi maokala anamera ngati bowa, mavenda anapachika masikelo awo m'mitengo, ndipo amuna ena akalandira za fodya ankasowa sabata yathunthu pa Boma, ati akukaziziritsa thupi. Kaunjika anafika m'mabelo. Telala wina wokalamba, amene anandisokera diresi la ubatizo wa amayi ako, anaona malaya akugulidwa pamtengo wosakwana ndi ulusi womwe, napukusa mutu: "Msika watha." Kachitatu. Koma kaunjika ankayalidwa pansi, ndiye tsiku la msika linakula kuposa kale lonse. Telala uja anamalizira moyo wake akuchepetsa mathalauza a azungu kuti akwane ana a Simlemba. Sankakondwa nayo ntchitoyo, koma inkamudyetsa.

Tsiku limene msika unatsala pang'ono kufadi, palibe anatchula mawu amenewo. Tinalibe mphamvu zolankhulira. Inali njala ya 2002, imene kuno ku Kasungu inatikantha koopsa. Pamene a Muluzi ankalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, ife tinali titayamba kale kudya madeya ndi zitsa za nthochi. Pamsika anthu anali odzaza, koma onse ogulitsa. Wina wagwira mbuzi, wina njinga, wina wailesi, wina malata ozula padenga lake. Mbuzi yathunthu inkapita ndi timbale towerengeka ta chimanga. Matenanti ankachoka m'maesiteti wapansi, ana kumsana, osadziwa kolowera. Golosale inatsekedwa, tiyirumu inatsekedwa, mafuwa anga anamera udzu. Palibe anatsala kuti aseke mnzake.

Ndiye ndimati msika ndi sitolo ndi akazi a pamitala. Amanyozana, amawerengerana mbale, wamng'ono akabwera ndi nsalu yatsopano wamkulu sagona tulo. Koma mwamuna wawo ndi mmodzi, ndiye thumba la mlimi. Mwamunayo akadwala, nyumba zonse ziwiri zimagona ndi njala. Wamkulu ndi msika, chifukwa anamupeza ali pano ndipo alibe kwawo kwina. Masitolo ndawaona akubwera n'kupita. Amwenye anapita. Anthu a ku Burundi ndi ku Rwanda ochokera kumsasa wa Dzaleka anatsegula mashopu m'misika yambiri, anthu n'kumadandaula kuti akutchipitsa. Mu 2023 boma litawabweza kumsasa, olira oyamba anali amene ankawabwereketsa nyumba ndi kuwagulitsa nyemba. PTC yomwe, imene tinkaivalira nsalu yabwino polowamo, lero kulibe. Koma mayi wa tomato wa pamulu ali pomwe anali agogo ake, chifukwa amagulitsa molingana ndi dzanja la wosauka: mulu umodzi, kambale kamodzi, mafuta a supuni, ndipo mwana wamasiye amamuwonjezera.

Choncho mawa usapite kukakhala pamalo ako akale n'kumayang'ana lesitilantiyo ndi diso lofiira. Samba, uvale bwino, ukapereke moni kwa mwini wake. Uone chimene alibe. Anyezi amagula kuti? Nkhuni amutengera ndani? Anyamata oonera mpira aja si onse angakwanitse mbale ya tchipisi ndi nkhuku. Mpira ukapumira amatuluka ndi ndalama yokwana mandasi awiri. Upemphe kuti uzikhala pafupi ndi khomo. Akakana, njira yopita kumeneko si yake. Amayi ako uwauze asiye kulimbana ndi golosale pa sopo, agwire zimene golosale singasunge: masamba, usipa, nthochi zakupsa. Mwina phindu lichepa, monga linachepera kwa ine, ndipo zina zimene mukuzidziwa lero zidzatayika ngati miphika ya amayi anga. Koma ukafuna chokudetsa nkhawa, uzitchera khutu ku mitengo ya fodya ku Chinkhoma, mtengo wa feteleza, ndi mitambo ya mu Disembala. Msika wako umakhala kapena kufa kumeneko.

Tsopano vundukula dengulo. Ndamasula kale mfundo ya nsalu yanga. Undipatse awiri, ndipo basela usaiwale.